Injiniya wa Mizinga Wasowa Omuika

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa ndinagona pansi pa balaza. Mabedi analipo m'nyumba ya achimwene ku Al Twar, ofewa bwino, koma kwathu ku Ntaja munthu sakwera pabedi m'bale wake asanaikidwe, ndipo sindikanayamba zachilendo ndi imvi kumutu. Ndisanasambe n'komwe kumaso ndinagwira foni. Dzulo lake ndinali nditalemba pa gulu lathu la maliro, la Amalawi okhala kuno ku Dubai, kuti achimwene anga Anafi atisiya ndi kolona ndipo tiwaika ikatha swala ya masana. Foni imaonetsa kuti anthu awerenga. Woyankha panalibe ndi mmodzi yemwe.

Gulu limenelo ndakhalamo zaka zambiri. Akamwalira munthu, ngakhale amene wangotsika ndege dzana, foni imachita kutentha. Uyu pepani, uyu maduwa, uyu akufunsa kuti tikumana pati, amayi akugawana zophika. Tsiku limenelo kunali zii, ngati ndalengeza imfa ya mbuzi. Ndinadziwa pomwepo kuti si tulo ayi, anthu apangana.

A kuchipatala anali atatiuza kale mmene ziyendere. Thupi silibwera kunyumba. Alikonza okha, alikulunga, alitengera ku manda a ku Al Qusais pa galimoto yawo. Amuna owerengeka akhoza kulowa, kuswalira jeneza, thupi lokulungidwa lija, atatalikirana, kuponya dothi, n'kutuluka. Pakapanda kubwera munthu, antchito a kumanda amaika okha, ndipo sadikira chifukwa masiku amenewo maliro anali pamzere. Mkazi salowa pa geti, kaya kuli mliri kaya kulibe. Alamu anga Halima anali atayamba edda, masiku aja amene mkazi wamasiye satuluka pakhomo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Rajabu, anali ku Ulaya ndege zitaima. Ndiye ntchito yanga inali imodzi, kupeza amuna dzuwa lisanapendeke, oti akaime pa jeneza akudziwa kuti m'sandamo muli ndani.

Achimwene anali injiniya wa mizinga ndi maroketi. Gawo lawo linali la mphepo. Anandifotokozera kamodzi kokha, kalekale, kuti chinthu chikamathamanga mpaka kusiya phokoso lake m'mbuyo, mpweya umalimba ngati khoma, umatenthetsa chitsulo, umakankhira uku ndi uku. Iwo ankafufuza kuti mphuno ya mzinga isongoke bwanji ndiponso zipsepse zake zikhale pati kuti usapotoke kapena kusweka m'mwamba. Anayamba ali mnyamata ku Ulaya, kuika tizitsanzo tachitsulo m'chimpaipi chopopamo mphepo n'kumayeza usana wonse. Anakwera pang'onopang'ono mpaka kufika poti palibe chimene chimauluka iwo asanavomereze. Kampani ya kuno inachita kuwanyengerera kuti adzatsogolere mainjiniya ake achinyamata. Kumudzi ankangoti amapanga ndege, ndipo ife tinkayenda modzitukumula.

Koma ntchito imeneyo inabwera ndi malamulo ake. Munthu aliyense wa dziko lina amene acheza naye ankayenera kukamunena ku ofesi ya chitetezo ya kampani, dzina lake, kumene amagwira ntchito ndi zimene akambirana. Nkhope yawo sinkayenera kuoneka pa zithunzi zimene anthu amatumizirana. Ine ndemwe, mlongo wawo wa bere limodzi, ankandinenanso kumeneko ndikabwera kudzadya pa Idi. Tsono taganizani pa maliro a Amalawi, anthu piringupiringu, aliyense foni m'mwamba. Achimwene sankapita. Ankati sangakanene khamu lonse lija, ndipo ena mapepala awo ndi otha kale, akawatchula awaika m'mavuto.

Mwina zinali zoona. Koma ine ndinkawauza kuti achimwene, Amalawi amawerenga nkhope pa maliro, sawerenga zifukwa. Iwo ankangoseka kaseko kawo kaja kosatsegula mano, n'kunena kuti akadzapuma ntchito adzayenda khomo ndi khomo kupepesa. Munthu wodziwa kumene chitsulo chikagwere chisanauluke n'komwe, koma osadziwa kuti tsiku lina adzafuna omunyamula. Zimenezi zinkandikwiyitsa ali moyo, ndipo m'mawa umenewo zinandikwiyitsa koposa.

Nditaswali ndinasuzumira kuchipinda kwa alamu. Anali khale pa mkeka wa swala, mikanda ya tasibi m'manja, maso otupa. Iwo matendawa anawagwira poyamba n'kuchira, amuna awo ndiwo sanabwerere kuchipatala. Anandifunsa ngati anthu ayankha. Ndinati ayankha kukacha bwino, ambiri ali pa shifiti ya usiku. Ndinalowa kukhitchini n'kuteleka mpunga m'poto wamkulu, manja akungochita zimene anazolowera, ngakhale ndinkadziwa kuti lamulo silimalola anthu kusonkhana. Nyumba ya maliro yopanda utsi, yopanda nsapato pakhomo, yopanda ngakhale mwana wolira. Chimamveka ndi makina oziziritsa okha.

Dzuwa litakwera pang'ono panaima galimoto yoyera pa geti. Ndinathamanga poganiza kuti ndi anthu athu. Anali amuna awiri a ku kampani, masiki kukamwa, magolovesi m'manja, atanyamula dengu la maluwa lofika m'chiuno. Anapepesa mwaulemu ndithu. Kenako anati popeza malemu ankagwirira ntchito kunyumba chiyambireni mliri, atumidwa kudzatenga katundu wa kampani lero lomwe. Ndinawafunsa ngati sizingadikire kuti munthu ayambe walowa m'manda. Anati lamulo limati zinthu zotere zisagone m'nyumba mopanda mwini wake. Analowa m'chipinda chowerengera, kuzula makompyuta, kupakira mapepala m'mabokosi, ngakhale a m'bini momwe. Ndinawafunsa ngati pali Msilamu pakati pawo. Panalibe, ndipo ngakhale akanakhalapo anali pa ntchito.

Asananyamuke anandipatsa foni kuti wachiwiri wa achimwene akufuna kulankhula ndi a kubanja. Ameneyu ndinkamumva dzina, achimwene anamutola atangomaliza sukulu n'kumuphunzitsa zonse. Ankalankhula ali kuchipululu, kumalo awo oyesera mizinga. Mawu ake ankanjenjemera, sindinama. Anati malemu anali bambo wawo onse, kuti zimene anali nazo m'mutu sizipezeka m'buku, kuti chinthu chimene akuyesa sabata imeneyo mphuno yake anajambula ndi iwo. Anati gulu lonse likhala chete kwa kanthawi powakumbukira. Ndinamudula pakamwa n'kumufunsa ngati kumeneko kuli amuna a Chisilamu. Anati alipo angapo. Ndinati atumize atatu okha, masana ano.

 Anafotokoza kuti onse anawatsekera kumeneko poopa matenda, wotuluka sabwereranso mpaka atabindikira, ndipo akachoka atatu kuyesako kuima. Anati akudziwa kuti malemu sakanafuna kuti kuyesako kuime. Apa ndiye magazi anandithamangira kumutu. Choipa kwambiri n'chakuti ankanena zoona, achimwene sakanafunadi. Ndinabweza foni osatsanzika. Anthu amenewa ndi amene achimwene anawapatsa zaka zawo zonse zabwino, tsitsi mpaka kuyera, maso mpaka kufooka, abale mpaka kutaya. Pa tsiku lofunika mapewa anatumiza maluwa, chinthu chimene ife sitiika n'komwe pa manda.

Ndinaimbira Che Mbwana. Amenewa ndi dalaivala wa banja lina la Chiarabu, akhala kuno nthawi yaitali kuposa tonse, ndipo ndiwo amayendetsa za maliro athu. Akati tipite, amuna amapita. Foni inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Miyezi ingapo m'mbuyomo mng'ono wawo, mlonda wa pa hotela, anamwalira ndi matenda omwewa. Nthawi imeneyo amuna athu ambiri anali otsekeredwa m'nyumba za makampani awo. Che Mbwana anandituma kuti ndikapemphe achimwene angobwera kudzaima pa mzere, osalankhula, osajambulidwa, masiki kumaso. Kuchokera pakhomo pa achimwene kufika pa geti la manda ndi ulendo wapansi, khoma lake limaoneka ukaima pa khonde la m'mwamba. Ndinagwada ndithu powapempha. Anati sabata imeneyo akuwunika mapulani a chinthu chatsopano, maso a chitetezo ali pa iwo, sizitheka. Che Mbwana anaswalira mng'ono wawo ali ndi munthu mmodzi yekha pambali.

Rajabu anaimba ndikumanga mpango. Anafunsa kuti azakhali, anthu apezeka? Ndinati apezeka, akhale pafupi ndi foni. Ndinauza alamu kuti ndikukatenga anthu ku Satwa, n'kuitana takisi.

Kunja kunali kotentha kwa pakati pa chaka, kwa chinyezi kuja koti ukangotuluka m'nyumba magalasi amachita nthunzi. Masiki inanyowa ndisanafike pa msewu. Dalaivala anali kuseri kwa pulasitiki ndipo sitinalankhulane. Tinadutsa m'mbali mwa khoma la manda. Ndinaliyang'ana n'kutukwana chamumtima, Mulungu andikhululukire. Misewu ikuluikulu ija inali mbee, magalimoto apa ndi apo. Nyumba zitalizitali za ku Downtown, kumene ndimagulitsa mafuta onunkhira m'sitolo ina, zinkangooneka mbuu m'fumbi.

Ku Satwa ndiye kwathu, chipinda changa chili komweko, ndimagona ndi amayi anzanga atatu. Matelala ena anali atatsegula theka la chitseko, makina ali chete. Ndinalowera kanjira ka kuseri, kunyumba yakale ya mpanda kumene amakhala madalaivala ndi alonda athu. Ndinawapeza pabwalo, pamthunzi wa khoma, amuna ambiri ndithu, ena ntchito zitaima, ena atangoweruka. Zovala zili pa zingwe, mbale zili m'beseni. Che Mbwana anali pa mpando wa pulasitiki, foni yawo ili pa ntchafu. Atandiona nkhani zinaduka.

Ndinapereka salamu, anayankha. Anandipatsa mpando patali monga mwa masiku amenewo, ndinakana n'kukhala pansi pa simenti, monga amakhalira mkazi wobwera ndi uthenga wa maliro. Ndinanena zonse ngati sakuzidziwa. Anapepesa mmodzimmodzi, maso ali pansi. Kenako Che Mbwana anati uthenga anaumva, koma sakudziwa kuti womwalirayo ndi ndani. Anati dzina analimvapo, nkhope sanaionepo pa maliro alionse chibwerereni kuno, ndiye angayambe bwanji kuswalira munthu wosamudziwa, chonsecho boma lili ndi antchito ake a zimenezo.

Ndinayamba mofatsa. Ndinafotokoza za malamulo a ntchito, za ofesi ya chitetezo, kuti akanabwera akanayenera kukawatchula mayina onse, ena mwa iwo mapepala awo ali otha. Ndinati mwina anawateteza osadziwa iwo. Mnyamata wina wa ndevu anaseka, nati ndiye zikomo kwambiri, nawonso lero awateteza posapita. Wina anati malemu anali munthu wa m'mwamba, aitanitse roketi idzawanyamule. Wina, amene amadzimva ushehe, anati ndiponso munthu amene moyo wake wonse wakhala akusongola zinthu zophera anthu, duwa yomupempherera ndi yovuta.

Pamenepo ndiye kufatsa kunandithera. Ndinamufunsa wa ushehe uja kuti si iye kodi amene ankandivutitsa chaka chatha kuti ndimupemphere ntchito ya ulonda ku kampani yomweyo? Nthawi imeneyo mizinga inali yoyera? Ndinafunsa wa ndevu uja kuti si iye amene amauza anzake a ku Nepal ndi ku Uganda kuti kwathu kuli munthu wopanga maroketi? Ndinati achimwene analakwa, ndipo ndinawauza ali moyo, sindinadikire kuti afe ngati mmene achitira iwo. Koma ine bwanji? Ndinawafunsa kuti ndi maliro ati amene ine sindinaphike. Ndani anasambitsa mayi uja wa ku Namwera pamene amayi ena onse ankaopa? Ndani anajomba ku ntchito mpaka kulembedwa chenjezo chifukwa chogona ndi wamasiye? Ndinayang'ana Che Mbwana n'kuwakumbutsa kuti tsiku la mng'ono wawo ndinaima pa geti la manda padzuwa, ndekha mkazi, mpaka iwo atatuluka. Mawu anali atandikwera, anthu a nyumba zoyandikana ayamba kusuzumira.

Che Mbwana anandisiya mpaka nditatha mpweya. Sanakweze mawu.

"Zonsezo tikuzidziwa, Abiti Saidi. Inu mukadzamwalira tidzabwera tonse, ngakhale mabwana atichotse ntchito. Koma lero simunamwalire inu."

Ndinayang'ana dzuwa. Mthunzi wa khoma unali utafupika, amuna akusendeza mapazi kuthawa kutentha. Ndinaona m'maganizo mwanga anthu ovala zoyera akutsitsa achimwene ngati katundu, popanda wotchula dzina la bambo athu. Zimene ndinanena sindinazikonzekere, zinangotuluka.

"Ndiye tengani maliro angawo. Muwaike achimwene m'malo mwanga. Ine ndikadzafa musadzabwere."

Kunena zoona ndinkayembekeza kuti wina anena kuti astaghfirullah, amayi musalankhule choncho. Ndinkaganiza kuti manyazi awagwira, adzuka, nkhani ithera pomwepo. Palibe amene anadzuka. Che Mbwana anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa amuna aja.

"Mwamva nonse?"

Anati amva. Anandifunsa ngati ndikunena ndi mtima wonse, pamaso pa mboni. Ndikanabweza pamenepo. Koma ine ndine mwana wa Saidi, kuuma mutu tinagawana ndi achimwene. Ndinati ndi mtima wonse.

"Chabwino. Amuna inu kasambeni. Yalla, tiyeni."

Anasankha okha oti apite, amuna asanu, pamodzi ndi wa ndevu uja ndi wa ushehe yemwe. Analowa m'nyumba n'kutuluka atavala mikanjo yoyera yosita bwino ndi zisoti zawo, ngati akupita ku Idi. Wina anapita kukabwereka galimoto yachiwiri chifukwa lamulo silimalola kudzazana. Ine anandikhazika kumbuyo kwa galimoto ya Che Mbwana. Njira yonse sanandilankhule, anangofunsa dzina lonse la malemu ndi la bambo athu kuti asakalakwitse pa duwa.  Sindinkadziwa ngati ndapambana kapena ndaluza.

Tinafika ku Al Qusais dzuwa lili paliwombo. Pa geti panali timagulu ta anthu a mitundu ina, aliyense akudikira wake, otalikiranatalikirana, osalankhula. Alonda ankaloza kachipangizo koyezera kutentha pa mphumi pa aliyense wolowa. Amuna athu analowa. Ine ndinatsala panja, pafupi ndi zitsulo za geti, pamodzi ndi mayi wina wa ku India amene ankalira mosatulutsa mawu. Panalibe mthunzi. Phula linkatentha mpaka kudutsa m'nsapato.

Galimoto ya kuchipatala inabwera mochedwerapo. Anatsika anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope zosaoneka. Ndinadziwa kuti ndi achimwene chifukwa Che Mbwana anatembenuka n'kundikwezera dzanja. Ndinaimbira Rajabu pa kanema n'kulowetsa mkono pakati pa zitsulo kuti aone. Jeneza analiika pansi chapatali ndithu, amuna athu anandanda kumbuyo kwa Che Mbwana, mpata waukulu pakati pa munthu ndi mnzake. Takibira yoyamba, mawu otsegulira swala, ndinaimva pang'ono, mphepo yotentha inabwera nayo. Rajabu ankalira m'foni akuti azakhali sendezani pafupi, ngati ine ndinali ndi poti n'kusendera. Swala isanathe foni inatentha ndi dzuwa n'kuzima yokha. Ndinaikupiza ndi mpango, ndinaibisa m'khwapa, ndinaipempha ngati munthu. Sinayake mpaka zonse zitatha. Mwana sanaone bambo ake akutsitsidwa.

Ine ndinaona zonse, ndipo ndinene pano kuti amuna aja sanachite mwa chinyengo. Sanathamangitse swala. Antchito atanyamula thupi, iwo anatsatira pambuyo pang'onopang'ono mpaka pamene analoledwa kufika. Ndinaona Che Mbwana akulankhula ndi wamkulu wa antchitowo, akuloza ndi dzanja kuti amugoneke bwino nkhope iloze ku Kibula, mbali imene timayang'ana poswali, ndipo sanachoke mpaka atakhutira. Aliyense anawerama n'kuponya mchenga katatu. Wa ndevu uja anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo. Makina atakwirira, iwo anaimabe padzuwa lija manja ali m'mwamba, duwa yaitali, mpaka mlonda anachita kuwakodola kuti apereke malo kwa ena.

Pamenepo mpamene zinandilowa. Ulemu wonse uja, mikanjo yosita ija, misozi ija, sizinali za achimwene. Amuna aja sankawadziwa n'komwe achimwene. Ankaika ine. Ndi mmene akanandichitira Abiti Saidi wawo wa mpunga, ndipo ine ndinali nditaima pa geti kuonerera. Ndinalira pamenepo koyamba chimwalirireni achimwene, ndipo sindikudziwa kuti ndinkalirira ndani. Mayi wa ku India uja anandipatsa botolo la madzi ofunda, ndinamwa osaganiza n'komwe za matenda.

Anatuluka mmodzimmodzi akupaka mankhwala m'manja. Aliyense anaima patsogolo panga n'kunena pepani, Mulungu awakhululukire malemu. Ndinathokoza. Ndinachedwa dala kusuntha, ndikukonza mpango, ndikuyang'ana m'chikwama chinthu chimene sindinkachifuna. Ndinkadikira kuti wina anene kuti zija zinali za mkwiyo, tiziiwale. Wa ushehe anayang'ana kumbali. Che Mbwana anatuluka pomaliza, thukuta lili chuchuchu, mchenga uli m'zikhadabo.

"Khalas, zatha, Abiti Saidi. Ntchito yanu tagwira."

Ndinawaitanira kunyumba kuti akatenge chakudya pa geti, poti si patali. Anati zikomo, koma ena akulowa shifiti. Anafunsa ngati andiperekeze pa galimoto. Ndinati ndiyenda pansi. Ndinafuna kuuyenda mtunda umene unawakanika achimwene, ndiuone kutalika kwake. Ndinafika pakhomo mkwiyo usanathe n'komwe kukwera.

Madzulo nyumba inali chete kuposa m'mawa. Foni itazizira ndinalankhula ndi Rajabu, ndinamufotokozera zonse mwatsatanetsatane, kuti bambo ake aikidwa ndi anthu a kwawo, mwa mwambo wonse. Ndinaimbiranso kumudzi. Kumeneko anati anthu anadzaza pabwalo kuyambira m'mawa, mafumu, mashehe, aphunzitsi, onse kulira munthu wamkulu wopanga ndege. Ndinangoti alhamdulillah.

Itatha swala ya magharibi ndinawapangira alamu tiyi n'kukhala nawo pansi m'chipinda mwawo. Anafuna kumva mayina a onse amene anapita, ndinawatchula. Anafunsa ngati anavuta kuwapeza. Ndinati ayi, anangochedwa kuona uthenga. Anagwedeza mutu, misozi ikutsika, n'kunena kuti iwo ndi amuna awo anakhala zaka zonsezi ngati ali pa chilumba, ndipo usiku wathawu sanagone poopa kuti amuna awo aponyedwa ngati chinthu chopanda mwini. Anawadalitsa Che Mbwana ndi ana awo ndi zidzukulu zawo. Kenako anandigwira dzanja.

"Inu ndiye muli ndi anthu, alamu. Tsiku lanu likadzafika simudzasowa okuikani."

Ndinati eya. Ndinatenga makapu n'kupita nawo kukhitchini, ndinatsegula mpopi kwambiri kuti asandimve. Ndinawauza achimwene mokweza, ngati ali pa mpando wawo, kuti sukulu anapita ndi iwo ine ndikulima, ulemu wonse wa pa banja unali wawo, ine sindinadandaulepo. Chinthu chimodzi chimene ndinadzipezera ndekha m'dziko la eni lino, ndi manja anga ndi miyendo yanga, chinali choti ndikadzafa anthu adzabwera, ndipo lero atenganso chimenecho.

Ndinatseka mpopi. Alamu anaitana kuchipinda kufunsa ngati ndikulankhula ndi munthu. Ndinati ayi, m'nyumba muno tilimo awiri.